Mabokosi Awiri a Sopo

Chiuaula, Vila Cabral
Lamulungu, 14 Julayi 1957

Okondedwa Achemwali a Clotilde,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana, ndiponso ngati miyendo ya amayi inaleka kutupa. Ife kuno kumtunda tili moyo, kungoti chisanu cha chaka chino ndi china. M'mawa nkhungu imatseka mpaka nyumba za ku Vila osaoneka, ndipo madzi a mumtsuko amaluma mano. Inu a ku Kobwe amene mumagona chitseko chili pululu simungamvetse. Mariana wakula, tsopano akutha kutchula dzina lanu, ngakhale amati Kotide. Bambo ake, a Martinho, abwera Lachiwiri lapitali kuchokera ku chibalo cha msewu wa ku Nova Freixo. Abwera owonda, chala chimodzi cha kuphazi chilibe chikhadabo, koma abwera ndi miyendo yawo.

Tsopano mundilole ndikukalipireni, chifukwa ukwati wanga ukugwedezeka, ndipo theka la mlanduwu ndi lanu, inu ndi nkhuku za amayi. Musaseke, mumve kaye. Ndikudziwa mudzati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa ndithu, ndipo yankho limene munandipatsa ndi limene landifikitsa pano.

Mukukumbuka kuti ndisanatengedwe chitengwa kubwera kuno munandiphunzitsa kuphika sopo, kuti ndisadzakhale mkazi wotambasula dzanja pa chilichonse. Zonse ndinasunga m'mutu, kusungunula mafuta a ng'ombe ndi kuwasefa pa nsalu, kuonjezera a nsatsi pang'ono, kuthira soda m'madzi osati madzi mu soda, kutakasa mpaka phewa litauma. Ndipo ntchitoyo inandiyendera. Miyezi yonse ya mvula ndinkaphikira m'khitchini, bokosi n'kulikankhira kuseri kwa mafuwa, n'kuika thabwa pamwamba kuti mwaye usagweremo. Sopo ankatuluka wosalala, wachikasu bwino, ndipo azimayi a kuno, ngakhale a ku Lulimile, ankabwera ndi nyemba ndi mbatatesi kudzasintha. Bambo a Mariana atatengedwa mu Januwale, sopo yemweyo ndi amene anatidyetsa ine, mwana ndi apongozi anga, ngakhale apongoziwo lero sakukumbukanso.

Mvula italeka, chakumayambiriro kwa Meyi, apongozi anati fungo la mafuta likuwapweteka mutu, ndichotse zinthu zangazo m'khitchini. Anati chinthu chilichonse chimauma pa thandala, pamphepo, monga makaka ndi mfutso, nanga sopo ndi ndani kuti azigona pamoto ngati wodwala. Ine ndinaona kuti akunena zanzeru. Ndinaphika, ndinathira m'bokosi, ndinalikweza pa thandala kuseri kwa nyumba, kumene mphepo ya kuno imadutsa tsiku lonse osapuma. M'mawa mwake ndinapeza pamwamba pa sopo patatuwa mbuu, ngati wina wawazapo ufa. Ndinayamba ndi kukalipira Mariana, mwana wosafika n'komwe pa thandalapo. Ndinapala ndi mpeni, n'kudula zidutswa, koma patapita masiku awiri mbali zonse zodulazo zinatuwanso.

Achemwali, palibe chimene sindinayese. Ndinachepetsa soda, sopo n'kukana kuuma, kukhala phala la mafuta limene ndinakataya kudzala ndikulira. Ndinasiya chitsime n'kukatunga kumtsinje, mtunda wonse uja. Ndinasintha kogula mafuta, ndinakwecha mphika ndi mchenga mpaka zala zinasupuka, ndinasema mthiko watsopano. Ndinayanika padzuwa, ndinayanikanso pamthunzi. M'mawa uliwonse phulusa lija linali pomwepo, likundidikira. Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti silinali kanthu. Ukangoviika sopoyo m'madzi limachoka, thovu n'kutuluka monga kale, nsalu n'kuyera. Koma anthu amagula ndi maso. Wina anati ndi chuku, wina anati adya zovala, wina anati mwana wake watuluka zidzolo chifukwa cha sopo wanga, chonsecho mwanayo mphere anali nayo kuyambira pa Khirisimasi.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikungodandaula za nyemba zimene zinasiya kubwera. Koma m'mawa wina tili pamtondo, pali azimayi anayi, apongozi anayamba kulankhula ngati akulankhula ndi munsi. Anati soda ndi m'bale wake wa mchere, ndipo zinthu za mchere zili ndi maso. Anati mowa umasasa, mbiya imang'ambika pamoto, chidulo chimakana, ngati wogwirayo sali bwino m'thupi. Mkazi amene mwamuna wake ali kutali amayenera kukhala wozizira, tsono sopo wake akayamba kutuwa ndiye kuti alipo amene akumufunditsa. Ananena zonsezi korona ali m'khosi, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Tsiku lomwelo anandilanda mchere. Kuyambira pamenepo ndiwo ndimaphika ine, koma wothira mchere ndi iwo, akuti ndingadule mwana. Mwana wanga yemwe, amene ndinamva naye ululu masiku awiri.

Mwamunayonso anali atamupeza kale. Ndi a Momade, amene amayeza katundu m'loja, sitolo ya mmwenye ku Vila, kumene ndimagula soda. Mukanawaona mukanagwa ndi phwete. Ndi munthu wa imvi, mano akutsogolo anawasiya kalekale, ndipo chaka chonse chino mawu amene tinalankhulana ndi akuti kilo imodzi ndi akuti samalani manja. Koma nkhani ya mtundu umenewu ilibe ntchito ndi mano a munthu. Sabata isanathe inali itafika kutchalitchi, ndipo ndikalowa, azimayi a pa benchi yathu ankasendera kundipatsa malo ochuluka kuposa amene ndimafuna.

Mkazi wa a Momadewo ndi Awa, amene amakhala tsidya la njira yathu ndipo amakazinga zitumbuwa. Tsiku lina masana ndinamuona akubwera molunjika pakhomo panga, nsalu atamanga m'chiuno. Ndinaimirira mthiko uli m'manja, ndikuti lero ndi lero, andimenye ndimumenye. Iye anangokhala pa mtondo n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Amake Mariana," anatero, "ngati mukumufunadi mutengeni, koma mudziwiretu kuti amachita nkonono ndipo nyemba sadya."

Ndinaseka koyamba m'masabata atatu, kenako ndinalira. Atandisiya ndilire mokwanira anapempha kuti aone sopo amene wachititsa mwamuna wake kutchuka. Ndinatsitsa bokosi, iye n'kuligubuduza pa mphasa, sopo yense n'kutuluka chibuma chimodzi. Anachitembenuza uku ndi uku, akuchipapasa ndi chala.

"Taonani sabuni wanuyu. Pansi pali bwino, m'mbali muli bwino. Kodi chigololo chanucho chimathera pamwamba pokha?"

Zoonadi mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinali nditagubuduza mabokosi asanu ndi limodzi, osaona chimene iye anaona tsiku limodzi. Paliponse pamene sopo anakhudzana ndi thabwa panali posalala, ndipo potuwa panali pokhapo pamene panagundidwa ndi mphepo akadali wamuwisi. Pomwepo ndinakumbukira thabwa langa la mwaye. Ndinakumbukiranso lichero ndi chiguduli zimene inu munkavundikira pa bokosi kwathu. Ndinakufunsani tsiku lina kuti n'zachiyani, inu n'kuti n'chifukwa cha nkhuku za amayi zimene zimakwera paliponse. Ine nkhuku ndilibe, zinatha ndi chitopa chaka chatha, ndiye ndinati lichero ndilifuniranji. Ngati munkadziwa kuti kuvundikirako ndi mbali ya ntchito, munandilakwira kwambiri. Ngati simunkadziwa, chifukwa kwanuko kumatentha ndipo sopo amakukhululukirani, lembani izi kuti wina amene mudzamuphunzitse asadzaone zimene ndaona ine.

Madzi osungunulira soda achepe kuposa amene munandiuza. Mutakase mpaka mthiko uzisiya mzere pamwamba wosatsekeka msanga, ndipo muthire m'bokosi akadali wofunda. Muwambe tsamba la nthochi pamoto kuti lifewe, mulikanikize pankhope pa sopo, pasatsale mpata woti mphepo n'kulowa. Pamwamba muike thabwa, kenako ziguduli ziwiri, bokosi likhale pofunda. Masiku atatu osasuzumira, ngakhale mtima uyabwe bwanji, ndipo musafulumire kudula. Zimenezi sindinaziphunzire tsiku limodzi, ndinaononga miphika ina iwiri, koma kumapeto kwa Juni ndinavundukula bokosi n'kupeza sopo wosalala ngati uja wa nthawi ya mvula, wopanda ngakhale kadontho koyera.

Ndinadula chidutswa, ndinachiika m'mbale, ndinapita nacho kwa apongozi n'kugwada bwinobwino monga munandilangira. Sindinkafuna kuti apepese, munthu wamkulu sapepesa kwa mtengwa. Ndinkangofuna kuti andibwezere mchere wanga. Anachitenga, anachinunkhiza, anavomera kuti ndi wabwino. Kenako anati iwonso amva kwa asipayo, apolisi a boma aja, kuti anthu a kumsewu awamasula posachedwa, ndipo nyani akamva kuti mwini munda akubwera amatuluka m'chimanga. Mwamva, achemwali? Sopo akatuwa ndiye kuti ndili ndi chibwenzi, akayera ndiye kuti chibwenzicho ndachisiya. Ndinabwerera ndi mbale yanga, ndipo tsiku limenelo sindinadye.

Lachiwiri bambo a Mariana atatsika kamiyao, lole imene inawabweretsa, amene anawachingamira panjira ndi amayi awo. Analowa nawo m'nyumba mwawo, ine ndili panja ndi madzi osamba amene ndinatenthetsa kawiri. Atatuluka anandipatsa moni waulemu kwambiri, wonga umene munthu amapatsa mkazi wa aphunzitsi. Mariana anamunyamula, anaseka naye, koma ine maso awo ankandidutsa pambali. Mphasa anayala yawoyawo, akuti msana ukupweteka chifukwa cha miyala ya kumsewu. Sanandifunse kanthu, ndipo kusafunsako kunandiwawa kuposa kukalipa.

Ine sindidziwa kudandaulira munthu, inu mukundidziwa. Ndinaganiza kuti mwamuna wanga ndi kalipentala, munthu wokhulupirira chimene wayeza yekha, ndiye ndimuonetse m'malo momulirira. Lachinayi m'mawa ndinaitana iwo, apongozi ndi Awa. Ndinaphika sopo pamaso pawo, kuyambira kusefa mafuta mpaka kumaliza, ndipo ndinamuthira m'mabokosi awiri ofanana amene anakhoma okha bambo a Mariana. Limodzi ndinalikweza pa thandala losavundikira, lina ndinalivundikira n'kulisiya m'khitchini. Ndinawauza kuti dzanja ndi limodzi, mphika ndi umodzi, tsiku ndi limodzi. Ngati vuto lili m'thupi mwanga, onse awiri atuwe kapena onse awiri ayere, koma akasiyana ndiye kuti wolakwa ndi mphepo. Apongozi anavomera pamaso pa onse kuti pamenepo palibe chinyengo. Masiku atatuwo ndinayenda mopepuka, ndinachapa, ndinaimba, ndikuti Lamulungu nkhani itha.

Lero titaweruka kutchalitchi tinatsitsa mabokosi aja. Azimayi anabwera ambiri osaitanidwa, ena ndi zovala za mapemphero zomwe. La pa thandala linali lotuwa mbuu. Ndinachotsa ziguduli pa linalo, ndinachotsa thabwa, ndinasenda tsamba la nthochi pang'onopang'ono, sopo n'kuoneka wonyezimira wopanda banga. Ndinaimirira, ndipo ndivomere kuti ndinatukumuka pang'ono. Apongozi anawerama, anayang'ana bokosi ili, anayang'ana ilo, osafulumira.

"Eya," anatero motsitsa mawu. "Amene munamusiya poyerayu wanena zoona. Winayu mwamutseka pakamwa ndi ziguduli, akananena bwanji?"

Ndinaona mitu ikugwedezeka, achemwali, mitu ya anthu amene amachapira sopo wanga. Awa analavula pansi, ananena mawu a Chiyao amene sindingalembe pa Lamulungu, n'kubwerera kwawo. Ine ndinangotola ziguduli zanga n'kupita kuseri kwa nyumba.

Apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi, ndikukunenani inu ndi nkhuku kuti ndichedwe kufikapo. Bambo a Mariana ananditsata kuseriko, chidutswa cha sopo wabwino uja chili m'manja. Anakhala pa chipika cha nkhuni n'kunena kuti iwo aona ndipo amvetsa. Anati kumsewu simenti ya pa milatho inkachitanso chimodzimodzi, ikasiyidwa pamphepo yosafunditsa masaka inkatuwa pamwamba, ndipo akapitawo ankawakalipira chifukwa cha zimenezo. Anati amayi awo ndi okalamba, ndiwaleke. Mtima wanga unatsika pansi, ndinamva ngati ndatula mtolo umene ndinausenza kuyambira mu Meyi. Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja. Koma iwo anali akutembenuzabe sopo uja, maso ali pa sopoyo, osati pa ine.

"Komano, amake Mariana, kulojako munkapitako kangati?"

Achemwali, yankho loona ndi lakuti kamodzi pa mwezi, m'mawa, Mariana ali kumbuyo. Linali pakamwa panga. Koma ndinaona miyezi isanu ndi umodzi ndikutema nkhuni ndekha, ndikudyetsa amayi awo, ndikugona ndi mwana pachisanu chija, manja atapsa ndi soda, ndipo munthu amene ndinkamuwerengera masiku akundifunsa ngati wapolisi. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti ndinkapitako tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ndipo a Momade ankandiperekeza mpaka pakhomo.

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena aseka, kapena anena kuti ndisiye zamisala. Sanatero. Anaika sopo uja pa chipika bwinobwino, anapukuta manja pa thalauzi, anatenga chipewa n'kulowa m'nyumba ya amayi awo. Mpaka pano dzuwa lapendeka sanatuluke, ndipo ndamva apongozi akuuza mnansi kuti mawa atumiza mawu ku Lione kwa amalume a mwamuna wanga. Miyezi iwiri ndakhala ndikunena zoona, ndaphika miphika, ndaitana mboni, palibe amene anandimvera. Ndanama kamodzi kokha, ndipo andikhulupirira nthawi yomweyo.

Ndafika pakhomo pa apongozi kawiri n'kubwerera, chifukwa ndikanena kuti ndinanama adzandifunsa kuti bodza ndi liti, la masana ano kapena la kale lija. Madzi akatayika saoleka. Ndi Awa ndionana naye bwanji, munthu yekhayo amene anaima nane, ine n'kutenga dzina la mwamuna wake kuliponya m'matope chifukwa chofuna kubaya wanga? Ndipita kwa iye ndikangomaliza kulemba, asanazimve kwa ena, ndipo akandithira mafuta a zitumbuwa sindidzamuimba mlandu.

Pempho langa ndi ili. Kalatayi ndipereka mawa m'mawa kwa dalaivala wa kamiyao wa ku Mtengula, ndipo ikangokufikani mupite kwa amalume a Pascoal, amene anaimira ukwati wathu. Muwauze zonse, osandikometsera, muwauzenso za pakamwa panga, iwo amapadziwa kuyambira ndili mwana. Abwere msanga, asadikire kuti a ku Lione ayambe kukamba okha. Atenge bulangeti, kuno si kwawo. Ukwatiwu ndikuufuna, achemwali. Munthuyu ndimamukonda, ngakhale pamaso pa amayi ake amasanduka bubu wosatsegula pakamwa, ndipo sindikufuna kuti Mariana adzakule akumva kuti amake anabwezedwa chifukwa cha chinthu chimene sanachite. Amalume akanena kuti ndigwade ndigwada, koma kuvomera tchimo la eni sindingavomere.

Amayi musawauze kanthu mpaka amalume atabwerako, miyendo yokhayo ikuwakwanira. Ndatumiza zidutswa ziwiri za m'bokosi lovundikira lija, chimodzi chanu, china chawo, koma musayambe kuchapira mpaka mwezi utatha, akadali wamuwisi. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa amayi ndi kwa onse a pa benchi yathu kutchalitchi cha ku Kobwe, amene sanasenderepo ine ndikalowa. Mariana akupereka moni, ali pano akukoka pepala. Pofufutapo mukupaonapo ndinalemba moni wa bambo a Mariana, monga ndimachitira m'kalata iliyonse. Sanandipatse, ndipo lero sindikufuna kunamanso kachiwiri.

Ndine mng'ono wanu,
Teodora